Nyumba ya Zaka Khumi ndi Chimodzi

1

Dzina langa ndine Siok Tin, mwana wa malemu a Gan, ndipo ndimasoka makatani m'tauni ya Kluang. Ndikulemba mtima ukuwawa, ndiye musayembekeze mawu okometsera. Anthu amene ndinawaphikira ndi kuwachapira theka la moyo wanga anandibera dzuwa likuswa mtengo, cholembera chili m'manja mwanga.

Bambo anga anali okazinga khofi. Moyo wawo wonse ankanunkha utsi, ndipo chimene anaphulapo ndi kanyumba kamodzi pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kanalibe chokongola: zipinda ziwiri ndi khitchini yakuda ndi mwaye. Koma kanali pa malo a muyaya, aja akuti ukagula wagula, boma silidzabwera kudzakuwerengera zaka. Ine ndinabadwa ndekha, choncho makolo anga atatsikira kulichete kanyumbako kanakhala kanga, ndipo ndinaikamo anthu a lendi.

Ineyo ndinkakhala kwa mwamuna wanga, Kiat, wa banja la a Phua, m'mudzi wina kunja kwa tauni. Nyumbayo inali yaikulu, yakalekale, yokhala ndi guwa la makolo pabalaza: timatabwa tolembedwa mayina a akufa, ndi mphika wamkuwa wozikamo lubani. Wolamula m'menemo anali apongozi anga aakazi. Mlandu wanga kwa iwo unali umodzi wokha. Ndinabereka ana aakazi awiri, Shan ndi Wen, ndipo Wen atabadwa adokotala anandiletsa kutenganso pakati.

"Watibweretsera alendo," ankatero apongozi, akuyang'ana ana anga akudya. "Mlendo amadya n'kupita. Ife tikadzagona, adzatiyatsira lubani ndani?"

Kiat ankangoweramira m'mbale yake. Mkulu wake, alamu anga a Hock, analibe mwana ndi mmodzi yemwe, koma iwo ankakhala kutali ku Johor Bahru, ndiye nkhonya zonse zinkagwera ine.

2

Tsiku lina pobwera ku shopu ndinapeza mbale ya msuzi wa nkhuku yakuda ili pamalo panga, yovundikira bwinobwino.

"Imwa, mwana wanga," anatero apongozi. "Wawonda iwe. Makina aja akukudya."

Mwana wanga! Ndinacheuka kuti mwina kumbuyo kwanga kwaima wina. Zoti galu wamkota sakandira pachabe ndinkazidziwa, koma ndinali ndi njala ya mawu okoma m'nyumba imeneyo. Ndinamwa msuziwo misozi ikulengeza.

Sipanatenge nthawi a Hock anatulukira, atanyamula zipatso za durian ndi nkhope yachisoni. Monga mwana woyamba, nyumba inali m'dzina lawo. Tikudya, anatiuza kuti bizinesi yawo yalowa pansi, ndiye sangachitire mwina, nyumbayo aigulitsa.

Apongozi anadziguguda pachifuwa, akuyang'ana kuguwa. "Makolo a Phua atulutsidwe panja ndi anthu achilendo? Bola ndife lero lomwe!"

Kenako onse atatu anatembenukira kwa ine nthawi imodzi.

"Mlamu," a Hock anayamba mofatsa, "kanyumba ka bambo anu kaja kangodyedwa ndi anthu a lendi. Bwanji mukagulitse, mugule ino? Ilembedwe m'dzina lanu nokha. Palibenso amene adzakuneneni kuti ndinu wobwera."

"Koma inoyi si ili pa lizi, pa malo obwereka ku boma, alamu?"

"Lizi ya zaka sikisite, mlamu! Inu mukufuna kukhala ndi moyo mpaka liti?"

Onse anaseka. Ine ndinafunsanso. "Sikisite kuyambira liti?"

Kiat anamenyetsa timitengo todyera patebulo. "Mayi a Shan, pano ndi pamsika? Akulu anga akukupatsa ulemu, iwe ukuwafunsa ngati wapolisi."

Ndinachita manyazi, ndipo funso lija ndinaliyankha ndekha mumtima. Ndinati chinthu ukagula, zaka zake zimayambira pamene wagulapo. Ndinawerengera kuti lizi ikamadzatha Wen adzakhala ali agogo, ine nditaiwalika. Pamenepa palibe amene anandinamiza. Anangondisiya kuti ndidzinamize ndekha, iwo akusenda durian.

3

Loya anali mnzawo wa a Hock wa kusukulu, bambo wonenepa woseka paliponse. Nditanena kuti mwina ndipeze loya wangawanga, apongozi anandigwira dzanja ndi manja awo awiri.

"Maloya awiri ndi a anthu odana, mwana wanga. Ife ndife amodzi."

Wogula kanyumba kanga anapezeka msangamsanga, ngati kuti anali ataima kuseri kwa chitseko. Sindinamuone. Anasayina tsiku lake, ine tsiku langa. Dzina lake linali Chua Lay Peng, ndipo loya anati ndi mayi wina wogwira ntchito ku Singapore. Banki inamubwereka mosavuta, paja malo a muyaya banki iliyonse imawathamangira. Anthu a lendi anatuluka, ndinapereka makiyi a bambo anga, ndipo ndinalira pang'ono m'galimoto. Kiat anandisisita paphewa, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

Kugula kwanga ndiye kunachedwa. Nyumba ya pa lizi ngati imeneyo sisintha mwini boma lisanavomere, ndipo boma silithamanga. Miyezi inadutsa tikudikira. Nthawi yonseyo ndinali mfumukazi. Apongozi ankapesa tsitsi la Wen pakhonde, ankafunsa Shan za kusukulu, ndipo msuzi sunkasowa pamalo panga. Kiat yekha ndiye ankasowasowa. Ntchito yake ndi yokonza makina oziziritsa m'nyumba, ndiye akati makasitomala achuluka chifukwa cha kutentha, ndinkamukonzera zovala osafunsa.

Chilolezo chitatuluka, nyumba n'kulowa m'dzina langa, ndinagula bakha wowotcha kuti tisangalale. Apongozi anadya ntchafu yonse osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Msuzi uja unathera pomwepo.

4

Amene ananditsina khutu ndi mayi Ong, oyandikana nafe. Ndinkayanika zovala m'mawa pamene anandiitana pampanda.

"Siok Tin, supita ku msonkhano wa kuholo?"

"Wa chiyani, azakhali?"

"Wa lizi! Mzere wonse uno wa nyumba tikukapempha boma litiwonjezere zaka. Tatsala ndi zaka khumi ndi chimodzi basi." Anandiyang'anitsitsa. "Ndiye ndi zoona zimene ndinamva, zoti wagula? Mwana iwe! Anzako tikusaka potulukira, iwe ukulowa?"

Ndinasiya zovala m'beseni, n'kutenga mapepala onse, ulendo wa kwa mayi Thevaki, loya amene ndinamusokerapo makatani a muofesi. Anawerenga mwakachetechete, kenako anandiuza mosapsatira.

"Zaka za lizi zimayambira pa tsiku limene boma linapereka malowo kwa munthu woyamba. Pano anali apongozi anu aamuna, akadali mnyamata. Inu munagula zotsala."

"Nanga zikatha?"

"Malo amabwerera ku boma, pamodzi ndi chilichonse chimene chamangidwapo."

"Kuwonjezera sikutheka?"

"Mutha kupempha. Akavomera, mulipira ndalama zambiri ndithu. Akhozanso kukana."

"Ndiye ndiigulitse."

"Kwa ndani, mayi? Banki sibwereka munthu wogula lizi yotsala pang'ono chonchi." Anavula magalasi. "Ndikufunseni. Loya uja ankaimira ndani, inu kapena wogulitsa?"

Sindinaganizepo kuti limeneli ndi funso.

Madzulo ndinamudikira Kiat pakhomo. "Bambo a Shan, munkadziwa kuti nyumba ino yatsala ndi zaka khumi ndi chimodzi?"

Anavula nsapato mosafulumira. "Boma limawonjezera, aliyense akudziwa. Ukulira chiyani, denga ladontha?"

Sanadabwe, ndipo kusadabwako ndi kumene kunandiopsa. Komabe ndinaganiza kuti nkhani yonse ndi yomweyo: a Hock anditayira nyumba yakufa, mng'ono wawo n'kundibisira. Ndinkayesa kuti ndafika pansi pa dzenje.

5

M'mawa wina, ana atapita kusukulu, ndinabwerera kunyumba mwadzidzidzi nditaiwala nsalu ya kasitomala. Pabwalo panali galimoto la a Hock. Pabalaza ndinapeza wansembe wa kukachisi atavala mkanjo wake, akuliza kabelu. Timatabwa ta makolo tinali titatsitsidwa, a Hock akutikulunga m'nsalu yofiira. Kiat anali atanyamula mphika wamkuwa uja, lubani akufuka.

"Amayi, makolo akupita kuti?"

Apongozi sanaphethire. "Kukachisi. Akukawapaka utoto watsopano. Iwe pita ku makina ako."

Ndakulira m'mwambo umenewu. Timatabwa tokapakidwa utoto satinyamula ndi mphika wa lubani. Mphikawo umatuluka pakhomo pokhapokha makolo akusamuka, ndipo lubani sayenera kuzima mpaka akafike kumene akukakhala. A Hock anatambasula ambulera yakuda kuti dzuwa lisawombe akufa, onse analowa m'galimoto, ndipo ine ndinakwera njinga yanga yamoto.

Ndinawatsatira chapatali. Pamphambano ya kukachisi sanakhote. Analowa m'tauni, anadutsa msika, anawoloka njanji. Msewu umenewo ndikhoza kuuyenda nditatsinzina.

Anaima pa kanyumba ka bambo anga.

Anali atakapaka utoto wachikasu. Pamwamba pa chitseko panali nsalu yofiira ya chikondwerero, pakhonde pali tebulo lodzaza mazira ofiira, aja timagawa khanda likakwanitsa mwezi. Pakhomo panaima mkazi wachitsikana, woonda, atanyamula mwana. Kiat anamudutsa ndi mphika uja, akumwetulira kumwetulira kumene ine sindinakuonepo chibadwire cha Wen.

6

Ndinasiya njinga itagwa pamsewu. Ndinalowa ndi nsapato zomwe, pabalaza pamene ndinaphunzirira kuyenda. Kukhoma kunali guwa latsopano lonyezimira, wansembe akuimika timatabwa.

"Mayi a Shan..." anayamba Kiat.

"Uyu ndi ndani?"

Mkaziyo anakumbatira mwana wake mwamphamvu. Apongozi ndiwo anayankha, mawu awo ali bata ngati akunena mtengo wa nsomba.

"Ameneyo ndi Lay Peng. Uyo ndi mdzukulu wanga, Phua weniweni. Usakuwe, makolo angofika kumene."

Lay Peng. Dzina lija ndinalisayinira pambali pake ndi dzanja langa.

"Munayamba liti zimenezi?"

"Tsiku limene anajambula mimba ya Lay Peng kuchipatala n'kuona kuti ndi wamwamuna," anatero apongozi. Ndinakumbukira mbale ya msuzi yovundikira ija.

Ndinatembenukira kwa a Hock. "Bizinesi yanu yolowa pansi ija, alamu?"

Anayang'ana pansi. "Ndalama zanu sizinatuluke m'banja, mlamu. Ndinampatsa Kiat, anakatseka ngongole ya kubanki ya nyumba ino. Palibe chatayika."

"Palibe chatayika! Ndiye kuti ndinagulira mkazi wa mwamuna wanga nyumba ya bambo anga, ndi thukuta la bambo anga lomwe?"

"Khala pansi, ndikuuze," anatero apongozi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti sakuona cholakwa chilichonse. "Makolo sangakhale pa malo obwereka. Mwana uyu adzabereka ana, anawo adzabereka awo. Mzere wotere umafuna nthaka yosatha. Iwe mzere wako ukuthera pa iwe. Ana ako adzakwatiwa, adzakayatsa lubani kwa makolo a eni. Ukufuna malo a muyaya a chiyani? Ukawasungire ndani?"

"Shan ndi Wen si adzukulu anu?"

"Ndi adzukulu anga, n'chifukwa chake tinawerengera bwino. Wen ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Lizi ikamatha adzakhala wamkulu, wokwatiwa. Sitinakutaye panja, Siok Tin. Takupatsa nyumba yokukwana."

Ndinayang'ana Kiat, kuti mwina anenepo kanthu, mwina achite manyazi. Iye ankawongola lubani mumphika kuti asapendekeke.

"Kiat, tandiyang'ana. Ana ako awiri unawayeza ngati nsalu, n'kudula pamene akuthera?"

"Usachite chipongwe pamaso pa makolo," anatero chapansipansi.

Ndinkafuna kugwetsa guwa lonselo. Ndinkafuna kuswa mazira aja limodzi limodzi pankhope zawo. Chimene chinandigwira ndi khanda lija, limene linayamba kulira, losadziwa kuti labadwira pa chiyani. Ndinatuluka. Wansembe anayambiranso kuliza kabelu ndisanafike ndi pamsewu pomwe.

7

Mayi Thevaki sanandinamize. Anati tikhoza kukasuma kuti anandipusitsa, ndipo tinasuma, koma njira yake ndi yaitali ndiponso yoterera. Pepala lililonse palokha ndi loyera. Ndinagulitsa mwakufuna kwanga, ndinagula mwakufuna kwanga. Ndalama zimene a Hock anapatsa mng'ono wawo zinadutsa dzanja ndi dzanja, ndipo lero akukana kuti sananenepo zoti anampatsa. Komanso kwa ife amene si Asilamu lamulo limadziwa mkazi mmodzi yekha, choncho pamaso pa khoti Lay Peng si kanthu kwa Kiat. Ndi mayi wachilendo amene anagula nyumba ndi ndalama zake.

Apongozi anasamukira kwa mdzukulu wawo. Ine ndinatsala ndi ana anga m'nyumba yaikulu ija, pakhoma pali chizindikiro chakuda cha utsi pamene panali guwa. Ndinalemba nawo dzina pa pempho la mzere wa nyumba zathu lowonjezera lizi, ndipo mpaka lero boma silinayankhe. Shan anasiya kutchula bambo ake. Wen ndiye amafunsa.

"Amayi, anzanga akuti boma lidzabwera kudzatenga nyumba yathu. Tidzapita kwa agogo?"

"Ayi, mwanangu."

"Nanga kuti?"

Ndinamuuza kuti amalize mpunga wake.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga, safunsa anadya phula, koma ine ndikuti wofunsa kamodzi n'kuchita manyazi amadya phula lomwelo. Musanagule nyumba, funsani ngati malowo ndi a muyaya kapena a lizi. Akati ndi a lizi, musafunse kuti ndi ya zaka zingati, funsani kuti zatsala zingati, ndipo mukazione nokha ku ofesi ya malo. Pezani loya amene mukumulipira inuyo, ngakhale wogulitsayo akhale wodya naye mbale imodzi. Wachilendo akafuna kukuberani amayamba wakuphunzirani. Wachibale anakuphunzirani kale, akudziwa pamene mumamva njala. Ndipo chimene makolo anu anakusiyirani musachisinthanitse ndi malo patebulo la anthu ena. Ine sindinakhululuke, ndipo musandilembere zondilangiza kuti ndikhululuke.

Nditapempha kuti ukwati uthe, ndinkayesa kuti Kiat angosayina mwakachetechete, paja zonse zimene ankafuna anali atatenga. Koma tsiku loyamba la mlandu mayi Thevaki anandikokera pambali m'khonde la khoti, nkhope itagwa.

"Loya wake wapempha gawo la nyumba imene mukukhalamo."

"Ili m'dzina langa!"

"Inde, koma inagulidwa muli pabanja. Akuti ndi chuma cha awiri, ndipo akufuna theka. Tilimbana nazo, koma ali ndi ufulu wopempha."

Kiat anali atakhala pa benchi chapafupi, atavala malaya ositidwa ndi dzanja lina, akuyang'ana foni. Ndinapita kukaima patsogolo pake mpaka anadzutsa mutu.

"Ndamva kuti pa zaka khumi ndi chimodzi za ana ako ukufuna theka," ndinatero. "Ndiye tandiuza, ndikawauze bwino akabwera kusukulu. Ukutenga zoyambirira, kapena zomalizira?"